Mwana Wopeza pa Bwalo la Milandu

Ilipo milandu ina imene anthu sakonda kuitchula poyera, ndipo akafuna kuinena amatsitsa mawu nayang'ana kukhomo. Umodzi wa milanduyo ndi uwu: mwamuna akwatira mkazi amene ali kale ndi mwana, nalowa m'nyumba, natchedwa atate, ndipo patapita masiku agona ndi mwanayo, yemwe anayenera kumsunga ndi kumlera. Choipa chimenechi makolo athu adachidziwa, Azungu adachidziwanso kwawo, ndipo mabwalo a dziko lino ali kuweruza milandu yotere kufikira lero lino. M'nkhani ino tifuna kulondola mapazi a mlanduwu kuyambira pa bwalo la mfumu kufikira pa bwalo la majisitireti, kuti owerenga aone umo oweruza adachedwera kuzindikira kuti wolakwiridwa ndiye mwana mwini wake, ndi kuti aonenso chimene chatsalira ife a m'midzi.

Pa bwalo la makolo

Mwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mwana ndi wa kwa amake. Mwamuna ankapita chikamwini, namanga nyumba pamudzi pa mkazi wake, nalima munda umene apongozi adampatsa. Koma mwini wake wa ana anali malume, ndiye mwini mbumba. Ukwati ukatha, kapena mwamuna akamwalira, ana ankatsala ndi mayi wawo, ndipo mwamuna wachiwiri pobwera ankawapeza pomwepo. M'menemo ndimo mudachokera mawu akuti mwana wopeza ndi bambo wopeza. Kwa Angoni a ku Mzimba, kwa Atumbuka ndi kwa Asena, kumene amalowola, ana ankatsala kwa atate awo, kotero kuti kumeneko mwana kawirikawiri ankaleredwa ndi mayi wopeza.

Mwambo wa chikamwini unali ndi linga lake lotchinjiriza mwana. Mkamwini anali mlendo, ndipo maso a mudzi wonse anali pa iye. Mtsikana akasinkhuka pang'ono sankagonanso m'nyumba ya amake, koma ku kuka kwa agogo ake kapena m'gowero pamodzi ndi anzake. Kugona ndi mwana wa mkazi wako kunali malaulo. Wochita zotere ankamuyesa mfiti, kapena munthu amene wauzidwa ndi sing'anga kuti achite chizimba cha kukhwima. Mlandu ukamveka, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi. Ukawakanika ankapita nawo kwa nyakwawa, nafika nawo kwa mfumu. Mwana sankaimirira pabwalo, pakuti amayi achikulire ndiwo ankamfunsa kuseri, nadzanena zimene amva. Mwamuna akakanitsitsa ankatha kumwetsedwa mwabvi. Akavomera kapena akatsutsidwa ankalipa mbuzi, nkhuku kapena makasu, nasudzulidwa, nachoka pamudzi ndi manyazi.

Tisafulumire kunyoza chiweruzo chimenechi, pakuti chidazindikira chinthu chimene malamulo olembedwa adachiiwala zaka zambiri, ndicho chakuti mwana wa mkazi wako ndi mwana wako ngakhale sunambale. Koma chinali ndi chilema chake. Bwalo la mfumu linkaona kuti yolakwiridwa ndi mbumba, ndipo ntchito yake inali kuyanjanitsa mabanja awiri kuti mudzi usapasuke. Mbuzi ya dipo inkapita kwa malume. Tsono mkamwini akakhala wolimbika pa khasu, wodzaza nkhokwe ya apongozi, kapena woopedwa chifukwa cha mankhwala, nkhani inkatha kukwiriridwa m'nyumba momwemo, ndipo mwana ankangouzidwa kuti atseke pakamwa.

Lamulo lochokera ku England

M'chaka cha 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Boma la Angerezi, ndipo m'chaka cha 1902 padakhazikitsidwa Bwalo Lalikulu loweruza monga mwa malamulo a ku England. Chifukwa chake tiyenera kuoloka nyanja pang'ono, kuti tione katundu amene oweruza a Chizungu adadza naye.

Ku England, kwa zaka mazana ambiri, mlandu wa kugonana pachibale sunali wa mabwalo a mfumu, koma wa mabwalo a Mpingo. Mabwalo amenewo ankatsata buku la Levitiko, chaputala 18, m'mene mwamuna aletsedwa kutenga mkazi pamodzi ndi mwana wamkazi wa mkaziyo. Motero mwana wopeza ankawerengedwa mbale. Koma chilango chawo chinali chopepuka, monga kulapa pamaso pa msonkhano, ndipo mphamvu ya mabwalowo idanka nichepa. M'chaka cha 1908 Nyumba ya Malamulo ya ku London idapanga lamulo lakuti kugonana pachibale ukhale mlandu wa ndende. Pakulemba lamulolo adawerenga magazi okha: mwamuna adaletsedwa kugona ndi mdzukulu wake, mwana wake womubala, mlongo wake ndi mayi wake. Mwana wopeza adatsala kunja kwa mpanda.

Chotchinjiriza china chinali msinkhu. M'chaka cha 1875 lamulo la ku England lidati mtsikana wosafika zaka 13 sangathe kuvomera zogonana. Ndipo m'chaka cha 1885, mkonzi wa nyuzipepala dzina lake W. T. Stead ataulula za malonda a atsikana mu London, msinkhuwo udakwezedwa kufika zaka 16.

Oweruzawo adadzanso ndi chikayiko. Woweruza wina wotchuka, Sir Matthew Hale, amene adamwalira m'chaka cha 1676, adaphunzitsa kuti mlandu wa kugwirira mkazi suvuta kumnamizira munthu, koma umavuta kudzikanira. Chiphunzitso chimenecho chidabala mwambo wakuti woweruza adzichenjeze yekha asanatsutse munthu pa mawu a mkazi wodandaula okha, nafune umboni wina wotsimikiza. Ndipo mwana wamng'ono wosazindikira tanthauzo la lumbiro ankaloledwa kunena popanda kulumbira, koma munthu sakadamangidwa pa mawu amenewo popanda umboni wina. Taganizani tsono, abale: choipa chochitika usiku m'nyumba, chitseko chili chotseka, mayi atapita kumaliro kapena kuchipatala, mboni yachiwiri ichokera kuti?

Mpata m'buku la zilango

Boma lidaletsa mwabvi m'chaka cha 1911. Pa 1 April 1930 lidayamba kugwira ntchito buku la malamulo a zilango lotchedwa Penal Code, limene muzu wake udachokera ku Queensland m'dziko la Australia, nudzera ku Nigeria. Buku lomwelo, lokonzedwa kambirimbiri, ndilo oweruza a m'Malawi ali nalo m'manja kufikira tsopano. M'chaka cha 1933 mafumu adapatsidwa mabwalo ovomerezeka ndi Boma, koma a milandu yaing'ono ndi ya maukwati. Milandu yaikulu idayenera kupita ku Boma.

M'bukumo munali zipata zitatu zimene mlandu wa mwana wopeza ukadalowera. Choyamba chinali gawo 138, loletsa kugona ndi mtsikana wamng'ono, ngakhale atavomera. Chilango chake chinkatha kufika pa ndende ya moyo wonse. Koma kufikira chaka cha 2011 msinkhu wa m'gawo limeneli unali zaka 13 zokha. Chachiwiri chinali gawo la kugonana pachibale, ndipo ili lidatsata la ku England la 1908, kuwerenga magazi okha. Chachitatu chinali mlandu wa kugwirira, umene ufuna umboni wakuti mkazi sadavomere.

Onani tsono mtsikana wa zaka 14 wokhala m'nyumba ya bambo wopeza m'masiku amenewo. Pa chipata choyamba ankati wapitirira msinkhu. Pa chachiwiri ankati si magazi ake. Pa chachitatu ankamfunsa kuti, Kodi udafuula? Kodi udalimbana naye? Chifukwa ninji sudanene msanga? Koma mwana amene amadya nsima ya munthuyo, navala nsalu yogula iye, nalipiriridwa sukulu ndi iye, namutcha atate, sakana monga akanira mlendo wa panjira. Bambo wopeza safunika mpeni. Mawu amodzi akuti, Ukanena ndiwasiya amako, amakwanira. Lamulo la masiku amenewo silidaone chingwe chotere, popeza sichisiya zipsera pathupi.

Dziko lidalandira ufulu m'chaka cha 1964, koma buku la zilango lidakhala lomwelo. M'chaka cha 1969 Boma la Dr. Banda lidapatsa mabwalo a makolo mphamvu yaikulu, kufikira pa kuweruza milandu ya kupha munthu, ndipo m'mabwalo amenewo maloya sankaloledwa. Mabwalowo adaleka pamene dziko linkalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri. M'zaka zonsezo anthu adatsutsana kwambiri za amene ayenera kukhala pa mpando woweruzira, koma mpata uja wa mwana wopeza udakhala chikhalire wosatsekedwa.

Umo mpata udatsekedwera

Kusintha kudadza pang'onopang'ono, monga madzi adzaza mtsuko ndi madontho. M'chaka cha 1989 maiko a mu United Nations adapangana pangano la ufulu wa ana, ndipo Malawi adalowamo m'chaka cha 1991. Malamulo Aakulu a dziko a 1994, pa gawo 23, adanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, kaya adabadwa motani, ndi kuti ayenera kutchinjirizidwa ku zowapweteka. M'chaka cha 2006 padadza lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene lipatsa bwalo mphamvu ya kuletsa munthu wankhanza kufika panyumba. M'chaka cha 2010 padadzanso lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene lidakhazikitsa mabwalo a ana, nilola kuti mwana wokhala pangozi achotsedwe ndi kusungidwa pa malo abwino.

Chaka chachikulu pa mbiri ino ndi 2011. M'chaka chimenecho msinkhu wa m'gawo 138 udakwezedwa kuchoka pa zaka 13 kufika pa zaka 16. Ndiponso m'buku la zilango mudalowa gawo latsopano, 159A, lotchula mwana wopeza ndi dzina lake, pamodzi ndi mwana woleredwa ndi mwana aliyense wokhala m'manja mwa munthu monga wa pabanja pake. Gawolo lidati kugona ndi wotere asanafike zaka 20 ndi mlandu. Potero lamulo lolembedwa lidavomera tsopano chimene agogo athu adachidziwa kale, kuti ubale wa m'nyumba suli m'magazi mokha. Ku England komwe, kumene mpata udayambira, adautseka ndi lamulo la 2003, limene liwerenga bambo wopeza ndi mayi wopeza pakati pa abale.

M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha Malamulo Aakulu kuti mwana akhale munthu aliyense wosafika zaka 18. Ndipo m'chaka cha 2023 buku la zilango lidalinganizidwa ndi kusinthaku: tsopano kugona ndi mwana wosafika zaka 18 ndi mlandu umene chilango chake chingathe kufika pa ndende ya moyo wonse, ndipo lamulo limanga chimodzimodzi mwamuna wogona ndi mwana wamkazi ndi mkazi wogona ndi mwana wamwamuna. Motero mayi wopeza woipitsa mnyamata wa mwamuna wake sapulumukanso.

Mayendedwe a mlandu masiku ano

Mlandu wotere umayambira kupolisi, kumene kuli chipinda chothandiza ozunzidwa, ndi kuchipatala. M'zipatala zina zazikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amakumana ndi mwana pamalo amodzi, kuti asayende m'maofesi ambiri ndi kubwereza nkhani yake yowawa. Kufulumira ndi chinthu chachikulu, pakuti mankhwala otchinjiriza ku kachirombo ka HIV ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo zizindikiro za pathupi zimene dokotala alemba m'kalata yake zimazimirira masiku akapita. Ilipo nambala ya lamya ya ana, 116, yoimba mosalipira.

Apolisi akatsiriza kufufuza, mlandu umapita kwa majisitireti. Apa owerenga azindikire bwino kuti woimba mlandu ndi Boma. Mayi ndi mwana ali mboni chabe, ndipo alibe mphamvu ya kuuthetsa okha. Kuyambira m'chaka cha 2010 lamulo la kayendetsedwe ka milandu lilola bwalo kutulutsa anthu ongodzaonerera, kuika chotchinga pakati pa mwana ndi woimbidwa mlandu kuti asaonane maso, ndi kulola mbale kapena bwenzi kukhala pafupi ndi mwanayo pamene alankhula. Woweruza amayamba wamfunsa mwana mafunso ofatsa, kuti aone ngati azindikira lumbiro ndi kusiyana kwa zoona ndi bodza. Mkazi aloledwa kuchitira umboni mwamuna wake pa mlandu wotere, ndipo kawirikawiri umboni wa mayi ndiwo umanyamula mlandu, chifukwa ndiye adaona kusintha kwa mwana, nadziwa usiku umene iye sadagone pakhomo. Msinkhu wa mwana umatsimikizidwa ndi kalata ya kubadwa, buku la kusikelo, kaundula wa sukulu kapena wa ubatizo, kapena mawu a kholo.

Chikayiko cha Hale chayamba kugwedezeka. M'zaka zaposachedwa oweruza ena a Bwalo Lalikulu adagamula kuti mwambo wa kufuna umboni wachiwiri pa milandu ya akazi yokha ndi tsankho losagwirizana ndi Malamulo Aakulu, ndi kuti mboni imodzi yokhulupirika ikwanira. Koma za mwana wamng'ono wonena popanda lumbiro, lamulo lifunabe umboni wina womuchirikiza. Ndicho chifukwa chake kalata ya dokotala ndi mawu a munthu woyamba kuona zizindikiro zili za mtengo wapatali. Woimbidwa mlandu nayenso ali ndi ufulu wake: ayesedwa wosalakwa kufikira bwalo litatsimikiza popanda chikayiko, ndipo aloledwa kufunsa mboni ndi kudzikanira. Ichi ndi chabwino, pakuti bwalo lomanga munthu pa mphekesera silingatchinjirize aliyense.

Pa chilango, majisitireti wa gulu loyamba angathe kupereka zaka zosapitirira 14, majisitireti wamkulu wophunzira malamulo zaka zosapitirira 21, ndipo akaona kuti mlandu uposa mphamvu yake amautumiza ku Bwalo Lalikulu, limenenso limaunikanso zilango za mabwalo aang'ono. Poyesa kulemera kwa mlandu oweruza amayang'ana kuchepa kwa mwana, kuchuluka kwa nthawi zimene choipacho chidachitika, mimba, matenda ndi ziopsezo. Koposa izi amayang'ana udindo wa wolakwayo. Chimene kale chinkabisa bambo wopeza, ndicho kukhala kwake mwini nyumba ndi wodyetsa banja, lero ndicho chimamulemeretsa mlandu, pakuti adaipitsa mwana amene adamkhulupirira. Zilango zakhala zikukwera: m'chaka cha 2021 woweruza Redson Kapindu, pa Bwalo Lalikulu ku Zomba, adakweza chilango cha mwamuna wina wogona ndi mtsikana wa zaka 10 kuchoka pa zaka 14 kufika pa zaka 40.

Chotsalira ife

Kafukufuku amene Boma lidachita m'dziko lonse m'chaka cha 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, adachitidwapo zachisembwere asanafike zaka 18. Koma bwalo limaweruza mlandu umene wafika pabwalo. Silingalowe m'nyumba ya munthu kukafunafuna. Ndipo milandu ya ana opeza imafera panjira koposa ina, chifukwa womangidwayo ndiye wogula feteleza ndi sopo. Mayi amayang'ana ana ena aang'ono, nadzifunsa kuti adya chiyani mwamuna akapita kundende. Abale a mwamuna amabwera usiku ndi mbuzi. Ankhoswe amati za m'nyumba sizituluka kunja. Nthawi zina akulu a Mpingo omwe amati munthuyo walapa, tamdula ku Mgonero, zathera pomwepo.

Pa zimenezi lamulo lanena momveka. Bwalo liloledwa kuyanjanitsa anthu pa milandu yaing'ono yokha, monga ya kumenyana pang'ono. Pa mlandu waukulu ngati uwu palibe kuyanjanitsa. Kulandira ndalama kapena chiweto kuti ubise mlandu waukulu ndi mlandu pawokha m'buku la zilango. Ndipo lamulo la ana la 2010 laika udindo pa wachibale, pa wosunga ana, pa wachipatala ndi pa anthu a m'mudzi, kuti akazindikira kuti mwana ali kuchitidwa zotere akanene kwa apolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Mfumu ndi ankhoswe ali ndi ntchito yawo pa za ukwati ndi za munda. Mpingo uli ndi ntchito yake pa moyo wa wochimwa. Koma kulanga kwa Mpingo sikulowa m'malo mwa chiweruzo cha Boma, ndipo munthu wolapa moona sathawa mlandu wake, kapena kupempha kuti mwana abwezedwe m'nyumba imene adaipitsidwiramo.

Ngati njala ndiyo imatseka pakamwa pa mayi, pamenepo mpomwe mudzi ndi Mpingo zingathandize chilungamo koposa. Mvano ndi madikoni angathe kumlimira munda, kumperekeza ku bwalo tsiku la mlandu, kumlipirira ulendo, ndi kuona kuti mwana wabwerera kusukulu osalozedwa chala. Malume, amene kale ankalandira mbuzi ya dipo, akhale woyamba kunyamula mwana wa mlongo wake kupita naye kuchipatala. Ndipo mwana akayamba kunena, ngakhale mokhota ndi mwamantha, wamkulu amene wamva asamkalipire kapena kumfunsa chifukwa chake adachedwa; amkhulupirire mokwanira kuti akamuonetse kwa odziwa kufufuza.

Kuchokera pa 1930 kufika pa 2011 padapita zaka 81 lamulo lolembedwa lisanatchule dzina la mwana wopeza. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, natinso mlandu suola. Mawu onse awiriwa tsopano ali ndi mphamvu ya Boma kumbuyo kwake. Chotsalira ndi chakuti pamudzi papezeke munthu mmodzi wolimba mtima, wogwira mwana pa dzanja ndi kuyenda naye kufikira pa khomo la bwalo.